Kuimika manja pa chess ndi pa bawo: woyenera kugonja msanga ndani?

Abale ndi alongo a ku Malawi, ku Chipata, ku Tete ndi kwina konse kumene chilankhulo chathu chinafika, ambiri mwa inu mwapondapo mu mzinda wa Dar es Salaam, ena kudzatenga galimoto kudoko, ena pa sitima ya TAZARA yochokera ku Kapiri Mposhi. Amene anayendako madzulo ku Kariakoo kapena ku Magomeni anaona amuna ataunjikana pakhonde, maso onse ali pa bawo. Kumeneko bawo saliyesa chibwana: bungwe la Chama cha Bao linakhazikitsidwa mu 1966, ndipo Mwalimu Julius Nyerere ankalikonda kwambiri. Ndikufuna kubwereka nzeru za bawolo poyankha funso limene limavuta osewera chess: kodi munthu ayenera kuvomera liti kuti wagonja, masewera asanathe?

Maganizo anga ndi awa. Woyenera kuimika manja ndi yekhayo amene angathe kulongosola, sitepe ndi sitepe, mmene mnzake amugonjetsere, ndipo akudziwa kuti mnzakeyo njirayo waiona. Wina aliyense apitirize kusewera.

Bawo la Chiswahili lili ndi maenje 32 ndi nkhomo 64. Nkhomo imene wadyedwa sichoka pabawo, imangosamukira kwa mnzako, ndipo ikhoza kubwerera. Munthu amagonja mzere wake wakutsogolo ukatha psiti, kapena akasowa poyenda. N'chifukwa chake wodziwa bawo sataya mtima poona kuti nkhomo zamuchepera. Amayamba wawerenga kumene dzanja likagone, pakuti kuyenda kumodzi kokha kumatha kusesa mzere wonse wa mdani. Kuchuluka kwa nkhomo ndi kupambana ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Pa chess zinthu n'zouma kuposa apo, chifukwa chodyedwa chimachoka pabolodi. Komabe phunziro ndi lomwelo. Mu 1902, pa mpikisano wa ku Monte Carlo, Georg Marco anagonja kwa Ignatz von Popiel poganiza kuti bishopu wake wapanikizika ndipo watayika. Chonsecho akanangomusuntha bishopuyo kupita pa g1, akanaopseza mfumu ndi mfumukazi ya mnzake nthawi imodzi, n'kupambana. Mu 1997 ku New York, Garry Kasparov anaimika manja pa masewera achiwiri olimbana ndi kompyuta ya Deep Blue. Tsiku lotsatira anzake anamuuza kuti panali njira yoyesera kuti alepherane. Nkhaniyo inamusautsa mumtima, ndipo mpikisano wonse anauluza. Ngati akatswiri otere anathamangira kugonja, nanga mwana amene waphunzira dzana mayendedwe a hatchi?

Malamulo a FIDE ndi achindunji: ukanena kuti wagonja, masewera athera pomwepo. Palibe kubweza mawu ukaona njira pambuyo pake. Choncho wophunzira amene wataya mfumukazi n'kudzuka pampando wadzimana zinthu ziwiri: mwayi woti mnzake alakwitse, ndi luso lodziteteza zinthu zitathina, limene siliphunzirika kwina. Wamumananso mnzakeyo mpata wophunzira kumaliza masewera. Kawirikawiri chomudzutsa pampandopo ndi manyazi, safuna kuti oonerera aone mfumu yake ikukodwa. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ena adzati kukakamira masewera otayika n'kupeputsa mnzako. Pakati pa akatswiri zimenezi n'zoona. Munthu wa msinkhu wa Amon Simutowe wa ku Zambia, amene anafika pa udindo wa grandmaster mu 2009, akatsala ndi mfumu ndi mfumukazi iwe uli ndi mfumu yokha, kumuchedwetsa n'kumuuza kuti ukukayika ngati akudziwa zimene mwana wa sukulu amadziwa. Pamenepo kupereka dzanja ndi ulemu, komanso kumasunga mphamvu za masewera otsatira. Koma ulemu umenewu umachokera pa kuwerengera bwino bolodi. Wosadziwa kuwerengera akamatsanzira, akungovala malaya a mwini.

Palinso kugonja kwa mkwiyo. Mu Seputembala 2022 Magnus Carlsen anayenda kamodzi kokha n'kugonja kwa Hans Niemann pa mpikisano wa pa intaneti, posonyeza kuti ankamukayikira. Kaya chifukwa chake chinali chomveka kapena ayi, Niemann analandira chipambano chimene sanachikhetsere thukuta, ndipo zimenezi zinakhudza ena onse a mumpikisanowo. Dandaulo lili ndi khomo lake, kwa oyang'anira masewera.

Inu amene mumaphunzitsa ana chess m'sukulu ndi m'makalabu, muziwafunsa funso limodzi asanagwetse mfumu: tandionetsa mmene akuphere. Akalephera kuonetsa, abwerere pampando. Kuona maso a nkhono n'kudekha.