Lekani Nigwe pa Aisi na Ndalama Zanga

Pali mau amene nalema nao: "Za azungu izo." Amakamba conco a kwathu kuno ku Nottingham akamvela kuti nimaphunzila figure skating, kuvina pa aisi. A ku Matero naonso pa WhatsApp salekela: "Munthu wandevu, ukataye mapaundi pa kugwa?" Ine nikana. Amene anacoka pa Zambia sanapite kukasanduka makina otumiza ndalama cabe.

Ndalama nimatumiza mwezi uliwonse, ndipo sinidandaula. Koma ganizilani umoyo wa kuno. Mu December dzuwa limalowa 16 hours isanakwane. Ucoka ku nchito kuli mdima, ufika m'nyumba mulibe wokupatsa moni. Ambili a ife amagwila nchito m'zipatala na m'nyumba zosungilamo okalamba, usiku na usana. Munthu wotelo akapeza cinthu cimodzi comutulutsa panja, comupatsa anzake, inu mumuseka?

Tiyeni tikambe za "azungu" zimenezi. Mabel Fairbanks, mkazi wakuda wa ku America, anali kumukaniza kulowa m'ma rink cifukwa ca khungu lake. Sanaleke, anakhala mphunzitsi, ndipo mu 1997 anamuika m'gulu la akatswili olemekezeka a masewelawa m'dziko lake. Debi Thomas anatenga mendulo ya bronze pa Olympics ku Calgary mu 1988, munthu wakuda woyamba kupata mendulo pa masewela a nyengo yozizila. Surya Bonaly wa ku France anacita kadansana wa cam'mbuyo ku Nagano mu 1998, n'kutela na mwendo umodzi. Amene anakaniza Mabel pa khomo anali kukamba zomwe mukamba inu. Nanga bola inacokela kuti? Kuno ku England. Koma palibe amene amauza mwana wa cimpombwa ku Chawama kuti acita za azungu, ndipo mu 2012 tonse tinavina pamene Chipolopolo inatenga cikho ku Libreville.

Ena akuti nakula. Ku Oberstdorf, m'dziko la Germany, kuyambila mu 2005 kumacitika mpikisano wa akulu-akulu, ndipo sulowa ngati sunakwanitse zaka 28. Kumavina anthu a imvi. Sinifuna mendulo ine. Nifuna cabe kuyenda cam'mbuyo popanda kugwila cipupa.

Vuto leni-leni lili pa kupeza polowela. Ma rink ambili anakonzela zinthu ana, ndipo wamkulu afunika kufunsa-funsa. Conco mvelani, inu amene mudzabwela. Nthawi ya anthu onse, imene amati public session, ni ya kuzungulila cabe m'cigulu; simudzaphunzila zambili. Funsani za makalasi a akulu a Skate UK, pulogilamu ya bungwe la British Ice Skating, kumene amayamba na kukuphunzitsani kugwa bwino na kunyamuka. Mukalimba miyendo, funsani za patch ice, nthawi imene aisi amaisiyila ophunzila okha. Kambili imakhala m'mamawa kwambili, ndiye wa shifiti ya usiku angapitile komweko asanagone. Kochi wa payekha amalipilitsa pa mphindi, kawili-kawili 15, cotelo simufunika thumba la bwana kuti muyambe. Funsani ngati ali na laisensi, komanso ngati anaphunzitsapo akulu, cifukwa mawondo a zaka 35 si a mwana wa giledi 2. Nsapato zobweleka pa rink zimakhala zobuntha. Mukatsimikiza mtima, gulani zanu zokukwanani bwino. Ndipo lowani kilabu, pakuti kumeneko ndiye kuli anthu amene adzafunsa ngati simunaoneke.

Zonsezi n'zosavuta kukamba, koma ndani angakuuzeni ngati aliyense wa kwathu aopa kusekedwa? Apa ndiye panikwiyitsa. Timauzana kogula unga na kapenta, kotumizila ndalama mochipa, kopita malilo akagwa. Za cimene cingakondweletse munthu akali moyo, tili zii. Mumzinda uno muli National Ice Centre, imene inatsegulidwa mu 2000. Ni kwao kwa Jayne Torvill na Christopher Dean, amene anatenga golide ku Sarajevo mu 1984, mmodzi kalaliki wa inshuwalansi, wina wapolisi. Anthu a nchito monga ife. Khomo lili lotsegula, tikudzitsekela tekha.

Inu anzanga a m'komboni, nkhani iyi ni yanunso olo simunaonepo aisi kupatula wa m'filiji. Mukaona amai a zaka 40 aphunzila kuchova njinga, kapena atate ayamba gitala atapuma pa nchito, musaseke. Agwilileni cishalo mpaka ataima okha.