Kusambira pa triathlon: kuthamanga sikufika

Mwezi wathawu kunabwera bambo wina ku cipatala kumene ndigwira nchito. Ndi wa zaka 46, wogwira nchito pansi pa mgodi, wa thupi louma bwino, wopanda mimba ya mowa. Atakhala pansi anati: "A dokotala, ndilembereniko mankhwala opatsa mphamvu." Nditafunsa cimene cabvuta, anati m'mamawa amathamanga makilomita 10, pa Ciweru amachova njinga kucoka ku Kitwe kukafika ku Kalulushi ndi kubwerako, koma akalowa m'dziwe losambiramo la mamita 25, pofika tsidya lina mpweya watha, mtima uli gu-gu-gu. Ana a sukulu amampitirira. Anzake a kunchito amuika m'gulu lokonzekera mpikisano wa triathlon, tsono manyazi amugwira.

Ndinamupima. Magazi anali okwanira, m'cifuwa munali bwino, shuga analibe. Koma BP inali 168/102, ndipo mwini wake sanali kudziwa. Mankhwala opatsa mphamvu sindinalembe. Tinayamba ndi BP, kenaka tinakambirana za madzi.

Nkhani ya bamboyu ndiyo yandicititsa kulemba lero. Anthu ambiri a msinkhu wanga ayamba masewera olimbitsa thupi, ndipo ici ndi cinthu cokondweretsa. Ena mwa iwo tsopano alakalaka triathlon. Maganizo anga ndi awa: woyamba kumene kusambira aiwale za liwiro kwa miyezi iwiri kapena itatu. Ayambe wapimitsa thupi, aphunzire kupuma ndi kugona bwino pamadzi. Liwiro limabwera pambuyo. Amene alithamangira pa ciyambi amacedwa kulipeza, ndipo ena amataya ndi moyo womwe.

Kwa inu amene simunamvepo, triathlon ndi masewera atatu otsatizana popanda kupumula: kusambira, kuchova njinga ndi kuthamanga. Anayambira ku San Diego m'dziko la America mu 1974, nalowa m'masewera a Olympic ku Sydney mu 2000. Pa mtunda wa Olympic munthu asambira mamita 1,500, achova makilomita 40, nathamanga makilomita 10. Oyamba kumene amalowa mtunda wochedwa sprint, umene uli theka la umenewo: mamita 750, makilomita 20 ndi makilomita 5.

Njinga ndi kuthamanga ife a kuno ku Migodi tizidziwa. Samuel Matete wa ku Chingola anapambana dziko lonse ku Tokyo mu 1991 pa mamita 400 olumpha timipanda. Za njinga funsani ogulitsa makala. Koma ambiri a ife madzi sitinakule nao. Amai athu anali kutiletsa kumtsinje, ndipo anali ndi cifukwa.

MPHAMVU YA PAMTUNDA ITHERA PAGOMBE

Pamtunda ukaonjezera mphamvu, liwiro nalo limaonjezeka. Madzi ali ndi malamulo ao. Ndi olemera kuposa mpweya pafupi-fupi ka 800, ndipo ukawirikiza liwiro kawiri, madzi amakukaniza kanai. Ndico cifukwa cake kamtsikana kopyapyala ka Grade 5 kamasiya m'mbuyo mwamuna wobowola miyala. Kamtsikanako kamadziongola monga mubvi, pamene mwamunayo alimbana ndi madzi monga ng'ombe yogwera m'citsime.

Zolakwa zimene zimatopetsa oyamba ndi zitatu, ndipo inenso, amene ndinaphunzira kusambira ndili wamkulu kale, ndinazicita zonse.

Coyamba ndi kusunga mpweya. Nkhope ikalowa m'madzi, munthu amatseka pakamwa nasunga mpweya m'cifuwa. Mpweya woipa, umene pa cipatala timati carbon dioxide, umaunjikana m'magazi, ndipo ndiwo umauza bongo kuti zinthu zabvuta. Mantha amabwera, mtima umathamanga, manja ayamba kuphiriphitha. Nkhope ikakhala m'madzi, tulutsani mpweya pang'ono-pang'ono m'mphuno ndi m'kamwa, kuti potembenuza mutu nchito ingokhala yokoka watsopano. Imani pamalo osaya, a madzi olekeza m'ciuno, mubwereze zimenezi ka 20 musanayambe kusambira.

Caciwiri ndi kudzutsa mutu. Thupi pamadzi lili monga sikelo ya pa msika: mutu ukakwera, miyendo imamira, ndipo munthu amayenda ali cilili akukankha madzi ndi cifuwa conse. Yang'anani pansi pa dziwe. Pofuna mpweya tembenuzani thupi ndi mutu cam'mbali, khutu limodzi likhalebe m'madzi.

Cacitatu ndi miyendo. Othamanga ndi omenya mpira akakolo ao ndi ouma, ndipo amapinda maondo monga akuchova njinga. Minofu ya nchafu ndi yaikulu, imadya mpweya wambiri, koma liwiro limene ipereka kwa woyamba ndi locepa. Kumenya madzi kuyambire m'ciuno, kukhale kocepa ndi kofewa, kongokwanira kuti miyendo iyandame. Miyendoyo muisungire njinga ndi msewu zimene zikudikirani.

KAPIMIDWE KA LIWIRO

Osambira amawerenga liwiro lao pa mamita 100 alionse. Koloko muisiye kunyumba kufikira mutakhoza kusambira mamita 400 osaima. Mukafika pamenepo citani motere. Mutatenthetsa thupi, sambirani mamita 400 mwamphamvu, mnzanu akugwira nthawi. Pumulani mphindi 10, musambirenso mamita 200. Cotsani nthawi ya 200 pa nthawi ya 400, yotsalayo muigawe pawiri. Ngati 400 yatenga mphindi 11 ndipo 200 yatenga mphindi 5, zatsala 6, ndipo theka lake ndi 3. Ndilo liwiro limene thupi lanu lingapirire: mphindi 3 pa mamita 100. Mupimenso pakapita milungu 6. Ngakhale mwana ku sikelo amapita kamodzi pa mwezi, osati m'mawa ndi madzulo.

Tsono tiwerenge pamodzi. Wa mphindi 3 atsiriza mamita 750 pa mphindi 22 ndi theka. Wa mphindi 2 ndi theka atsiriza pa mphindi 18 ndi masekondi 45. Kusiyana kwake sikufika mphindi 4. Mwa masewera atatuwa kusambira ndiko kumatenga nthawi yocepa, cotero mphindi zimenezo mungazibweze pa njinga ngati mwatuluka m'madzi muli ndi mpweya. Wotuluka ali wefu-wefu ndi cizungulire amataya zoposa pamenepo.

Pophunzira, kulowa m'madzi katatu pa mlungu kwa mphindi 30 kupambana kulowa kamodzi kwa maola awiri, cifukwa thupi limaiwala msanga. Sambirani mamita 25, pumulani masekondi 30, mubwereze ka 8. Mlungu wotsatira ka 10. Zikayamba kupepuka pitani pa mamita 50, kenaka 100. Werenganinso kuti mwapalasa kangati kuti muoloke dziwe. Ngati kale munali kupalasa ka 30 ndipo tsopano ndi ka 25, mukupita patsogolo ngakhale koloko isanasinthe. Pezani wodziwa kuti aime pambali akuoneni, pakuti munthu sadziona kumsana. Safunsa anadya phula.

Amene mwataya mtima kumbukirani Eric Moussambani wa ku Equatorial Guinea. Pa Olympic ya ku Sydney mu 2000 anasambira mamita 100 pa mphindi 1 ndi masekondi 52, anthu naganiza kuti safika. Anali atangophunzira miyezi yowerengeka m'kadziwe ka pa hotela, ndipo dziwe la mamita 50 anali asanalionepo. Patapita zaka zocepa nthawi yake inatsika kufika pansi pa mphindi imodzi, ndipo pambuyo pake anakhala mphunzitsi wa timu ya dziko lake.

Aphunzitsi ena adzanditsutsa kuti munthu sapita patsogolo popanda kumva kuwawa. Ndibvomera, kwa amene kasambiridwe kake kaongoka kale. Koma wa miyendo yomira ndi mpweya wosunga akaonjezera mphamvu, amangolimbitsa colakwa comweco, phewa nkuyamba kuwawa, mwezi usanathe waleka.

MTIMA WANU MUUDZIWA?

Apa ndipo pagona nkhawa yanga monga wa cipatala. Madokotala a ku America anafufuza anthu amene anamwalira kapena kuima mtima pa mipikisano ya triathlon m'dziko lao kuyambira 1985 mpaka 2016. Anapeza anthu 135. Mwa amenewa, 90 zinawaonekera m'madzi, ndipo ocuruka anali amuna a msinkhu wapakati. Mwa amene anapimidwa atamwalira, pafupi-fupi theka anapezeka ndi matenda a mtima. Ngozi yotere ndi yapatali-patali poyerekeza ndi unyinji wa olowa mpikisano, koma itionetsa pamene pali msampha. Poyamba mpikisano anthu amalowa m'madzi cigulu, akupondana, aliyense afuna kutsogola, mtima nkulumpha kucoka pa kupumula kufika pa nchito yaikulu nthawi imodzi. Ukagwa pamsewu anthu amakuona. M'madzi umangosowa.

Cotero ngati mwapitirira zaka 35, pimitsani BP ndi shuga musanayambe. Uzani wa cipatala ngati mumamva kuwawa m'cifuwa pokwera citunda, ngati munakomokapo pothamanga, kapena ngati pa banja panu wina anamwalira mwadzidzidzi akali wamng'ono. Wodwala khunyu kapena mphumu ayambe wakambirana ndi cipatala, ndipo asalowe m'madzi popanda womuyang'anira. Thupi likatentha ndi malungo kapena cimfine, dikirani mucire. Mowa ndi madzi sizigwirizana, ngakhale botolo limodzi.

Ngati muli m'madzi mwayamba kutsokomola, kubanika, kapena kulabvula thobvu lofiirira, tulukani msanga mupite ku cipatala. Kumeneko kungakhale kulowa kwa madzi a m'thupi m'mapapo, kumene kumakonda a BP yokwera ndi osambira m'madzi ozizira monga a June ndi July. Mantha akakugwirani, gonani cagada, yang'anani kumwamba, mupume. Malamulo a triathlon amalola kusambira mwa njira iliyonse, ndiponso kupumula mutagwira bwato loima, malinga lisakukokeni. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

NANGA TISAMBIRE KUTI?

Funso ili ndilo lobvuta kwa ife a ku Kawama. Ena adzati tipite ku Kafue, ena ku Kafubu, ena m'maenje okumbamo mcenga amene amadzala nthawi ya mvula. Ine ndikana. M'madzi odikha muli nkhono zonyamula likodzo, ndipo tizilombo take timalowera pakhungu. Amene anasambapo m'madzi otere naona magazi m'mkodzo abwere apimidwe. Mankhwala a praziquantel alipo. Mu Kafue muli ng'ona. Ndipo sitinaiwale February 2025, pamene damu la zonyansa za mgodi linagumuka ku Chambishi, madzi a asidi nalowa mu Mwambashi ndi mu Kafue, mpaka madzi a m'mipopi anatsekedwa mu Kitwe. Phunzirirani m'dziwe la madzi othira chlorine, pamene pali woyang'anira. Madzi a padamu muwayese pokhapo mwakhoza kusambira mamita 1,000 m'dziwe osaima, muli pagulu, bwato lili pafupi.

Wina adzati awa ndi masewera a olemera. Mbali ina ndi zoona, cifukwa maiwe ambiri abwino ali ku makalabu, ku mahotela ndi ku masukulu olipira. Koma kusambira kokha sikungakhale kwa olemera. Bungwe la WHO linati mu 2021 anthu pafupi-fupi 300,000 anafa ndi kumira pa dziko lonse, ndipo ambiri anali ana ndi acinyamata a m'maiko osauka. Kwa wamkulu wonenepa kapena wa maondo owawa, kusambira ndi masewera osabvulaza mfundo. Amene tinakula nthawi ya ZCCM tikumbukira mabwalo, makalabu ndi maiwe amene migodi inali kusamala. Migodi itagulitsidwa mu 2000, zambiri za izo zinasowa mwini. Tilka Paljk anaimira Zambia pa kusambira ku Olympic ya ku Tokyo mu 2021, Mia Phiri ndi Damien Shamambo ku Paris mu 2024. Kodi mwana wa ku Kawama, ku Chimwemwe kapena ku Chifubu adzawatsatira bwanji ngati alibe pophunzirira? Ndipempha makhonsolo a Kitwe ndi Ndola pamodzi ndi makampani a migodi kuti akonze dziwe limodzi m'tauni iliyonse, aikepo woyang'anira ndi mphunzitsi, ndipo ana a m'makomboni akhale ndi masiku ao pa mtengo wocepa.

Bambo uja anabweranso mlungu wathawu kudzapimitsa. BP yatsika ndi mankhwala ndi kucepetsa mcere. Akuti tsopano amasambira mamita 200 osaima, ndipo mphunzitsi wake ndi mwana wa mlongo wake wa zaka 14, amene amamudzudzula akadzutsa mutu. Mpikisano umene anzake anamulembetsa waukana, adzalowa wa caka ca mawa. Anafunsa ngati angayambe kugwira koloko. Ndinamuuza kuti abwerenso akafika pa 400.