ZA MAIKO AKUTALI: Mitsinje ya Pansi pa Mudzi wa Brighton

Abale athu a m'midzi, mwezi uno tikambe za mudzi wa Brighton, umene uli pa gombe la nyanja ya mcere, kumwera kwa dziko la Angerezi, mtunda wa mailosi ngati 50 kucokera ku London. Dziko limenelo ena amalicha Mangalande, ndipo lero dzinali liyenerana nayo nkhani yathu, pakuti tinena za ngalande. Alendo amanka ku Brighton kukasamba m'nyanja ndi kukaona nyumba yacifumu ya Royal Pavilion. Koma eni mudzi ali naco cina cimene amaciyesa codabwitsa, ndico njira za madzi zimene ziri pansi pa mapazi ao. Mvula itagwa, munthu akaima pa citsekero ca citsulo ca mumseu, amva madzi alikulindima pansi ngati mtsinje wa m'dzinja; ndipo ana afunsa akuru ao kuti, "Kodi madzi amenewa alikunka kuti?"

Kale Brighton unali mudzi wa asodzi, dzina lace Brighthelmstone. M'caka ca 1750 sing'anga wa ku Lewes, Richard Russell, anaturutsa buku lonena kuti madzi a m'nyanja aciritsa nthenda zina, munthu akasamba m'menemo ndi kumwako. Olemera a ku London anamvera mauwo, nayamba kufika. Mu 1783 anafika mwana wa mfumu, amene pambuyo pace anakhala mfumu George IV, naukonda mudziwo, namangamo nyumba. Njanji ya ku London inafika mu 1841. Tsono taonani kukula kwace: mu 1801 munali anthu ngati 7,000, koma pofika 1851 anapitirira 60,000.

Mudziwo unamangidwa pa mathero a cigwa. M'cigwamo munkayenda kamtsinje, dzina lace Wellesbourne, kocokera ku Patcham kumpoto. Kamtsinje kameneka ndi ka mtundu wa makwawa athu aja amene auma m'cilimwe nadzaza m'dzinja. Zaka zina sikaoneka konse. Kakadzaza, kankasandutsa dambo bwalo la Steine, pamene asodzi ankayanika makoka ao, ndipo kankakathira m'nyanja pa malo amene kufikira lero achedwa Pool Valley, ndiko kuti cigwa ca thamanda. Ca m'ma 1793 mwana wa mfumu uja pamodzi ndi mfulu ina, Duke of Marlborough, analipira ndalama kuti madziwo alowetsedwe m'ngalande yokwirira, cifukwa sanafune matope pa khomo pao. Kamtsinje kanazimirira m'maso mwa anthu, ndipo adzukulu anaiwala kuti kanalipo. Koma akuru anati madzi saiwala khwawa. Pa 17 July 1850 kunagwa mvula ya mkuntho, madzi anatsata cigwa cao cakale, nadzaza Pool Valley ndi kulowa m'nyumba ndi m'masitolo. Ngakhale m'caka ca 2000, mvula itacuruka, madzi anatumphuka pansi ku Patcham, namiza nyumba, natseka mseu waukuru wa ku London ndi njanji yomwe.

Koma bvuto loposa cigumula linali lina, ndipo apa tipempha amai ndi abambo kuti amvetse bwino. Nthaka ya ku Brighton iri pa mwala woyera wofewa, wonga coko ca kusukulu, umene umwa madzi msanga. Anthu ankakumba maenje a zimbudzi m'mwala umenewo, nakondwa poona kuti sadzaza msanga. Sanafunse kuti zonyansazo zirikunka kuti. Zinalikunka m'zitsime, pakuti zitsime zinakumbidwa m'mwala womwewo, zina pafupi ndithu ndi maenjewo, makamaka m'tinjira topapatiza m'mene munkakhala amphawi mothithikana. Madzi a m'citsime cotere aoneka oyera, azizira bwino kukhosi, koma ali nayo imfa. Nthenda ya kolera inapha anthu oposa 50,000 m'dziko la Angerezi ndi la Wales m'caka ca 1849, ndipo caka comweco boma linatuma Edward Cresy kukayendera Brighton, nalemba za maenje ndi zitsime zimenezi. Masiku amenewo anzeru ambiri ankayesa kuti nthenda idza ndi pfungo loipa la mumpweya. Mu 1854 sing'anga John Snow anawerenga nyumba za akufa ku London, napeza kuti ambiri anamwa pa mpope umodzi wa mu Broad Street. Koma papita zaka asanambvomereze onse. Ife tikuti mudzi umene unachuka cifukwa ca madzi ociritsa unalikumwetsa ana ace madzi akupha, ndipo olemera anayamba kucita kanthu ataona kuti alendo angaleke kudza ndi ndalama zao.

Kuyambira ca m'ma 1865 anayala ngalande za mailosi 44 pansi pa miseu, zina mipope yadothi yaing'ono, zina mapanga a njerwa a mapazi 8 m'mimba mwace, m'mene munthu wamtali ayenda coweramuka. Koma zonsezi zinkathira m'nyanja pa maso pa mudzi, pomwepo posambira alendo. Anthu anadandaula, ndipo anaitana mmisiri wamkuru, Sir John Hawkshaw. Nzeru yace inali iyi: kumanga ngalande imodzi yaikuru yolambalala m'mbali mwa gombe, yoti idule kutsogolo ngalande zonse zotsika ku mtunda, ndi kutenga madzi ao kunka nao kutali kum'mawa. Nchitoyo inayamba mu 1871, nitha mu 1874. Utali wace ndi mailosi 7 ndi kanthu, kucokera ku Hove kufikira ku Portobello, pa maphompho oyera a m'mbali mwa nyanja. Ndipo inadya mapaundi oposa 100,000. Madziwo ankayenda okha, opanda makina akuwakoka, cifukwa amisiri anaipendeketsa pang'ono pang'ono njira yonse, monga momwe mwini dimba apendeketsa mfuleni wace.

Amene analowamo atama kayalidwe ka njerwa. Anthu anakumba ndi manja, nayala njerwa imodzi imodzi mumdima, ndi nyali zokha. Mcenga wa m'dothi lomangira anautapa pa gombe, kotero kuti tizigoba ta nkhono ta m'nyanja tioneka m'mizere ya njerwazo. Ngalande zina anazipanga ngati dzira loimika, kosongoka pansi. Cifukwa cace ndi ici: masiku opanda mvula madzi acepa, ndipo akayenda pa malo otakata afooka, nasiya zinyalala, koma akapanikizika pa malo opapatiza athamanga, nakokolola zonse. Mvula ikadza, akwera kumene kuli kotakata. Ife amene tinaona mipope ya pansi pa miseu yathu itatsekeka ndi mcenga titi nzeru imeneyi si yaing'ono. Mpweya woipa nao anaulingirira. Ku Roedean anamanga cumuni cacitali, nasonkha moto pansi pace usana ndi usiku kuti ukoke mpweya wa m'ngalande. Cumunico anacigwetsa mu 1933.

Panatsala cirema cimodzi. Madzi a mvula ndi madzi a m'zimbudzi ayenda m'njira imodzi. Mvula ikakula, njira idzaza, ndipo madzi akasowa kopita abwerera m'nyumba za anthu. Cifukwa ca ici amisiri anamanga zipinda zazikuru pansi pa nthaka, cina pansi pa bwalo lija la Steine. M'cipindamo muli khoma lalifupi m'mbali mwa ngalande. Tsiku labwino madzi apita osalikhudza pamwamba. Tsiku la mkuntho alumpha khomalo, nagwera m'mapanga ena amene ankawaturutsira m'nyanja pafupi ndi gombe. Nyumba zinapulumuka, koma osamba m'nyanja ndiwo analandira zonyansa. Zinakhala comweco zaka zoposa 100.

Pakati pa 1990 ndi 2000 kampani ya madzi, Southern Water, inaboola phanga lina latsopano pansi peni peni pa gombe, kuyambira ku Hove kufikira ku Black Rock. Utali wace ndi mailosi ngati 3, m'mimba mwace mapazi ngati 20, ndiko kuti amuna atatu atasanjikizana sakhudza denga. Analiboola ndi makina onga mfuko, amene adya mwala kutsogolo nasiya khoma la simenti kumbuyo. Phanga limeneli si mtsinje ai, koma nkhokwe. Lisunga malita 150,000,000. Mukati muwatunge ndi ndowa za malita 20, zidzakhala ndowa 7,500,000. Madzi olumpha makoma aja agwera m'menemo, nadikira. Mvula itakata, makina awakweza ndi kuwabwezera m'ngalande yakale. Ndipo kuyambira mu 2013 madzi onse oipa a mudziwo apita ku Peacehaven, kumene awasefa ndi kuwayeretsa asanawathire m'nyanja patali ndi gombe. Denga la nyumba yoyeretserayo analibzala udzu, kuti lifanane ndi zitunda za kumeneko.

Musayese kuti milandu ya madzi inathera pomwepo. Mu 2021 bwalo la milandu linalipiritsa kampani yomweyo mapaundi 90,000,000 cifukwa ca kutaya madzi osayeretsa m'mitsinje ndi m'nyanja pa malo ena a kumwera kwa dzikolo, pakati pa 2010 ndi 2015. Phanga likhale lalikuru cotani, mwini wace afunika diso la anthu.

Nanga cidwi ca eni mudzi cija? Anthu anafunsa-funsa kufikira eni ngalande analola. Kuyambira zaka za m'ma 1960, ndi kwa zaka zambiri pambuyo pace, m'miyezi yofunda ya kumeneko, May kufikira September, ankalowetsa anthu m'timagulu kukaona. Khomo lace linali kacitseko kosaoneka bwino, nambala 260, m'munsi mwa mseu wa pa gombe, pafupi ndi mlato wa Palace Pier umene uloza m'nyanja. Mlendo ankapatsidwa cisoti colimba ndi zobvala m'manja, natsata wotsogolera m'tinjira tonyowa mayadi ngati 400, naima m'cipinda cacikuru cija kuona mtsinje wakuda ulikupita. Potsiriza ankakwera makwerero a citsulo, naturukira pa dzenje pakati pa bwalo la Steine, anthu opuma pa udzu alikumyang'ana ndi kuseka. Malo ankatha msanga. Ife tiseka nao, koma tiyesa kuti anacita bwino kuwaonetsa, pakuti munthu amene anaona ndi maso ace mafuta ophikira atauma ngati mwala m'mbali mwa ngalande, ndi nsanza zitakolana pamenepo, aganiza kawiri asanataye zotere m'mpope.

Otsogolera aja sankalowetsa ana aang'ono, ndipo mitambo ikada ulendo unkalephereka, ngakhale anthu atafika kale pa khomo. Anali nazo zifukwa. Mvula ingagwe ku zitunda, kutali, pa gombe dzuwa lirikuwala, ndipo madzi afika m'phanga mwadzidzidzi. Inu amene munaona khwawa louma litadzaza osagwa dontho pamudzi panu mudziwa cimene tirikunena. M'malo otsekeka cotere mumakhalanso mpweya wonunkha ngati dzira lobvunda. Ukacepa, mphuno iumva. Ukacuruka, upha mphuno yomweyo, munthu ayesa kuti pfungo latha, nagwa. Wina akalowa kukamturutsa wopanda cingwe ndi copumira, maliro akhala awiri. Mkodzo wa makoswe nao uli ndi nthenda imene ilowa pa kabala kakang'ono ka pa dzanja, nigwira ciwindi ndi impso. Ku Ulaya kuli anyamata amene atsegula zitsekero usiku ndi kulowa mobisa kukajambula zithunzi. Iwo ayesa kulimba mtima, koma anchito a m'ngalande, amene alowamo ndi cida coyesera mpweya ndi mnzao wowadikira pamwamba, sawatama konse.

Amai, ana anu amene apita ku sukulu za m'tauni, kapena otsikira ku Beira ndi ku Durban kukafuna nchito, adzaona makamwa a ngalande zotere m'mbali mwa miseu ndi pa magombe, ouma ndi a mthunzi wabwino masana. Muwauze za kamtsinje ka Wellesbourne. Ndipo abambo, pokumba cimbudzi catsopano caka cino, yambani mwayang'ana kumene kuli citsime: dzenjelo likhale kumunsi kwace, ndipo muyese mayadi 30 kapena kuposa pakati pa ziwirizo.