Makolo nawonso asewere, mitima ipole

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzi yanu ndilankhule ndi abusa, ansembe, mashehe ndi mafumu athu.

Namondwe wa Freddy wa mu 2023 adapha anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera, ndipo ku Phalombe adakumbutsa anthu napolo wa mu 1991. Ufa, mabulangete ndi malata zidabwera, tikuthokoza. Nanga mitima ya makolo adaisamala ndani?

Alipo amayi amene sagona mvula ikamagunda padenga. Alipo abambo amene adathawira ku kachasu, ena angosanduka aukali kwa ana amene adapulumuka. Kholo likakhala ndi mantha, mwananso amakula nawo.

Munthu wamkulu ukamufunsa pagulu kuti afotokoze chisoni chake, amangoti "ndili bwino". Koma mukhazikeni pabawo, amayi achite phada kapena fulaye, aumbe zidole zadothi pamodzi ndi ana awo. Manja akatanganidwa, pakamwa pamatseguka, ndipo munthu amazindikira kuti sali yekha.

Ena adzati masewera ndi zachibwana, pemphero ndi lokwanira. Pemphero lisaleke ayi, koma wodwala malungo timamupempherera uku akumwa mankhwala.

Choncho ndikupempha mipingo ndi mizikiti kuti ipereke bwalo masana amodzi pa sabata. Magulu akhale ang'onoang'ono, pasakhale wokakamizidwa kulankhula, ndipo zomvedwa pamenepo zisakhale miseche yapachitsime. Mlangizi wa zaumoyo azikhalapo kuti amene zamukulira amutumize kuchipatala.

Mutu umodzi susenza denga.

Wokhudzidwa,
Phalombe.