Mwana wathu akalembedwa ntchito kukampani ya mankhwala

Kuno ku Machinga ndi ku Balaka makampani akuluakulu a mankhwala timangowadziwira pa makatoni. LA amene takhala tikumwa tikadwala malungo kuyambira 2007, boma litasiya Fansidar, anayamba ndi Novartis ya ku Switzerland. Katemera wa malungo amene ana anayamba kulandira mu 2019, maboma athu awiriwa ali m'gulu la maboma 11 oyambirira, ndi wa GSK ya ku Britain. Ma ARV ambiri amachokera ku India. Makampani onsewa alibe fakitale m'dziko muno.

Ndiye mwana akamaliza maphunziro a zamankhwala ku KUHeS n'kuimba foni kumudzi kuti wapeza ntchito kukampani yaikulu, makolo adziwe kuti kawirikawiri ntchitoyo ndi yogulitsa. Amalembedwa ndi kampani yoitanitsa mankhwala kunja, amapatsidwa chikwama cha zitsanzo, n'kumayendera madokotala ndi eni mafamase.

Ubwino wake ulipo ndithu, ndipo sindingaunyoze. Malipiro amaposa a m'boma. Ena amapatsidwa galimoto, ndi khadi la MASM loti banja lizikalandirira chithandizo. Amaphunzira kasungidwe ka mankhwala ofuna kuzizira ndi malamulo a bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, zinthu zimene adzazigwiritsa ntchito moyo wake wonse. Bambo amene anagulitsa thonje ku Phalula, kapena mayi amene anatsitsa matumba a nandolo ku Ntaja kuti fizi ikwane, ali ndi ufulu woona malata pa nyumba yawo. Mnzake wa mwanayo mwina akudikirabe kuti boma limulembe, kapena ali pawindo la famase ya kuchipatala, mzere utafika pansi pa mtengo wa mango, akuuza mayi wobereka mwana wotentha thupi kuti mankhwalawo atha, akagule kunja. Kunena mawu amenewo tsiku ndi tsiku kumadya mtima wa munthu.

Koma chimene chimandivutitsa ndi njira imene galimoto ya kampani ija imadzera. Imachoka ku Blantyre, kuwoloka Shire pa Liwonde, kuima pa Balaka pamene pali makiliniki olipiritsa, n'kupitirira ku Lilongwe. Ku Chikweo kapena ku Nyambi siikhotera, chifukwa kulibe wogula. Mwezi uliwonse wogulitsa amapatsidwa mlingo wa malonda woti akwaniritse, ndipo mlingowo ukamuthina amayesedwa kukakamiza dokotala kuti azilembera odwala mankhwala odula pamene otchipa ogwira ntchito chimodzimodzi alipo. Mwana amene anaphunzira zaka zonsezo kuti athandize wodwala amayamba kuwerenga makatoni, nkhope za odwala osazionanso.

Ntchitoyi ilinso pa nsonga ya ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mankhwala oitanitsa inakwera, ndipo madola akasowa m'mabanki katundu safika. Popanda katundu, wogulitsayo alibe chochita, ndipo amene amagamula zochepetsa antchito mwina amakhala kutali, sanapondepo pa Ulongwe.

Ine wachinyamata akandifunsa, ndimamuuza kuti ayambe wagogoda kumene mankhwala amapangidwadi: Pharmanova ku Blantyre, SADM ku Lilongwe, Kentam ku Mzuzu. Ndi makampani aang'ono powayerekeza ndi a ku Ulaya, ndipo nawonso zipangizo amaitanitsa kunja. Komabe kumeneko munthu amavala gauni ndi chipewa, amayeza ufa pa sikelo, amaona mbulu wa mankhwala ukutuluka m'makina, n'kukauyesa mu labotale ngati mphamvu yake yakwana. Luso limenelo dziko lino likulisowa kwambiri. Boma litamagula mankhwala ochuluka kwa opanga a konkuno kudzera ku Central Medical Stores Trust, n'kumawalipira pa nthawi yake, malo a ntchito oterewa angachuluke, ndipo ana a ku Nsanama ndi ku Utale angapezeko mwayi.