Fyuluta Ikakana Kumasuka

Munthu amene wakhalapo ku Nchalo kapena ku Bangula m'mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, sasowa womuuza chifukwa chimene oyilo wa galimoto amaderamo msanga m'chigwa chino cha Shire. Pakuti injini imene yakwera zitunda za ku Thabwa itasenza matumba a thonje, nibwerera kudzameza fumbi la m'misewu ya kumidzi, imavutika koposa inzake ya kumtunda. Chotero ambiri mwa ife, posafuna kutaya ndalama ku galaji, timasintha tokha oyilo pansi pa mtengo.

Vuto limadza pa fyuluta. Magalimoto ambiri a Toyota obwera kuchokera ku Japan masiku ano alibe chitini chachitsulo chija chimene akale ankachiboola ndi sikuludilaiva nachipotokola. Ali ndi chivundikiro cha pulasitiki, fyuluta ya pepala ili m'kati mwake, ndipo chimafuna sipanala yakeyake yooneka ngati kapu, ya mamilimita 64 ndi mbali 14. Ndinaona ndi maso anga pa Ngabu mnyamata wina, thukuta lili kamukamu, akuchimenya ndi tchizulo ndi nyundo, anzake akumuuza kuti, "Menyaninso, achimwene, chatsala pang'ono!" Chinang'aluka, oyilo nachucha m'mikono mwake, ndipo galimotoyo inagona pomwepo kufikira china chitafika kuchokera ku Limbe.

Mlandu ndimaupereka kwa iye amene anachimanga poyamba. Mphamvu yoyenera pochimanga ndi 25 Nm yokha, imene dzanja limodzi limaikwanitsa. Koma alipo amakaniko ena amene, poopa kuti oyilo angadonthe, amawonjezera paipi ku sipanala nakankha ndi thupi lonse, osadziwa kuti chotseka oyilo ndi kamphira kozungulira ka pa chivundikirocho, kamene kakaikidwa kouma kamapsa ndi kutentha nikamatirira.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Lizani injini pang'ono, muizimitse, mudikire kufikira ili yofunda koma yosawotcha dzanja. Pukutani fumbi kuti sipanala ilowe yonse kufikira pansi, ndipo mukoke kumanzere ndi chogwirira chachitali, mosalekeza ndi mosagwedeza, kufikira mutamva kuti chivundikiro chagonja. Pobwezera, chotsani kamphira kakale, mupake oyilo watsopano pa kamene kabwera ndi fyuluta, ndi kuyamba kumanga ndi zala kuti mazinga alowe bwino.