Tinaphika, Inde, Nanga Moto Anasonkha Ndani?

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha, kuti ofuna kundigenda asavutike kufunafuna mwala. Nditamaliza chaka choyamba, ndinali mmodzi wa ophunzira asanu ndi mmodzi amene mphunzitsi wina wa Sociology anatilemba ganyu yokachita kafukufuku m'midzi ya boma lina la kumwera. Mwa mafomu onse amene ndinapereka, 11 ndinawadzaza ndekha nditakhala pansi pa mtengo wa mango. Palibe amene ndinamufunsa. Maina, zaka, ana, mbuzi, zonse zinachokera m'mutu mwangamu. M'chilankhulo cha ntchitoyi, ndinaphika.

Sindikupempha chikhululukiro. Bodza ndi bodza basi. Chimene ndikukana ndi mwambo wa pa koleji pano wakuti mlandu wa kuphika uzithera pa mwana wa sukulu, ngati kuti mphika unadzitereka wokha pa mafuwa.

Taonani mmene ntchito inaliri. Fomu inali ya masamba 28, yolembedwa m'Chingerezi, nitanthauziridwa m'Chichewa chimene agogo anga sakanachizindikira. Malipiro anali pa fomu yodzaza. Yosatha inalibe ngakhale tambala. Kapitawo wathu ankafuna mafomu 8 pa tsiku kwa aliyense, nyengo ya kupalira, pamene munthu wanzeru zake amalawira kumunda mbandakucha. Fomu imodzi, ukaifunsa mwaulemu, inkadya ola limodzi ndi theka. Werengani nokha, inu a masamu, ndipo musaiwale kuphatikizapo mtunda wa pansi ndi mvula.

Komatu bodza loyamba silinali langa. Funso lachitatu linkati, "Mutu wa banja lino ndani?" ndipo mabokosi anali awiri okha: mwamuna kapena mkazi. Midzi imene tinalimo ndi ya chikamwini. Mayi wina anandiyankha mosabisa: "Za munda ndi za ana mukafunse amalume awo, bambo awa ndi obwera." Madzulo ndinafunsa kapitawo kuti amalume ndiwaike pati. Iye anati, "Chonga mwamuna, mnyamata, tisachedwe." Tinachonga mwamuna mudzi ndi mudzi. J. Clyde Mitchell analemba za mbumba ndi mwini wake m'buku la The Yao Village kale mu 1956, ndipo aliyense wophunzitsa Sociology m'dziko muno amalidziwa bukuli. Tsono amene anakonza fomu yopanda bokosi la mwini mbumba anaphika mafomu onse tsiku limodzi, ali pa mpando wa ndalema mu ofesi. Ine ndinaphika 11 pa dzuwa. Wakuba wamkulu ndani?

Za chilolezo ndichite manyazi kunena. Tinkawerenga chikalatacho mothamanga ngati wolengeza mitengo ya fodya ku okushoni, wofunsidwa nadinda chala, ife nkumupatsa sopo pomaliza. Agogo ena atalandira sopo wawo anandiyang'ana nati, "Mwananga, anzako anabwera chaka chatha, anafunsa zomwezi, nasiya sopo. Sopo uja anatha. Nanga mayankho aja anapita nawo kuti?" Ndinaseka, poti ndinalibe chonena.

Izi si zachilendo kwa akatswiri. Mu 2018 Crystal Biruk anatulutsa buku lotchedwa Cooking Data, lonena za kafukufuku wa mafomu m'Malawi momwe muno, ndipo sopoyo alimo. Bukuli likuonetsa kuti kafukufuku yense amaima pa miyendo ya achinyamata oyenda m'midzi, amene amadziwa kulonjera mfumu, kupeza nyumba yopanda nambala, ndi kusandutsa yankho la munthu kukhala chiwerengero. Koma kukaikira kukabuka kumagwera iwo omwewo. Ulemu kumwamba, mlandu pansi.

Tsopano mvetserani kumene mayankho aja anapita, kuti wina akawauze agogo aja. Chaka chatha nkhani ya kafukufuku wathu inatuluka m'magazini ina ya akatswiri kunja. Pamwamba pali maina awiri: la mphunzitsi wathu ndi la mnzake wa kutsidya kwa nyanja, amene tinamuona kamodzi kokha, ali m'galimoto. M'munsi mwa tsamba lomaliza akuthokoza bungwe limene linapereka ndalama, nalitchula dzina lonse. Ife asanu ndi mmodzi tiri m'mau awiri: gulu lothandiza. Anthu a m'midzi ija mulibemo konse, ndipo ngakhale atafuna kuwerenga zimene zanenedwa za iwo, nkhaniyo iri m'Chingerezi, ndiponso ndi yogula.

Mwambo umenewu ndi wakale kuposa koleji ino. Rhodes-Livingstone Institute, imene inayamba mu 1937 ku Northern Rhodesia, inatchukitsa Max Gluckman, Mitchell ndi anzawo, ndipo maina awo timawaloweza pokonzekera mayeso. Koma anthu akuda amene ankawatanthauzira, kuwerenga nyumba m'makomboni a ku migodi ndi kulemba zimene ankamva, ndani pa ife angatchule ngakhale mmodzi? Panafunika Lyn Schumaker kulemba buku lathunthu mu 2001 kuti ntchito yawo ioneke. Ndipo wina asandiuze kuti kale sizinkatheka. Mu 1946 Cullen Young ndi Hastings Banda anatanthauzira ndi kukonza buku la Our African Way of Life, ndipo eni nkhani, John Kambalame, E. P. Chidzalo ndi J. W. M. Chadangalara, anatchulidwa maina monga olemba. Ngati zinatheka pansi pa atsamunda, chavuta lero nchiani?

Ena adzati ndikulira dzina chabe, kufuna kutchuka. Iai. Dzina ndi chikole. Ndikanadziwa kuti dzina langa lidzaima pa nkhaniyo, ndikanaganiza kawiri pansi pa mango paja. Munthu sasamala munda umene akudziwa kuti sadzaukolola. Funsani makolo athu amene analima thangata. Ndipo amene wasankha kuika dzina lake lokha pamwamba, asenzenso yekha zonse ziri m'katimo. Akulu amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Pano tazitembenuza: adya ndi akulu, mimba ipota ana.

Chimene chandilembetsa zonsezi chinachitika m'kalasi. Tiri ndi phunziro la khalidwe loyenera pa kafukufuku, ndipo amatiphunzitsa bwino ndithu. Timamva za Tuskegee, kumene kuyambira 1932 mpaka 1972 madokotala a boma la America anasiya amuna akuda pafupifupi 400 a ku Alabama ndi chindoko osawachiza, ngakhale penisilini atapezeka. Timapukusa mitu, nkutuluka tikudzimva oyera, popeza machimo onse a m'silabasi anachitikira kutali. Koma m'phunziro lina, nkhani ya kafukufuku wathu ija inaikidwa pa mndandanda wa zowerenga, ndipo pa mayeso panabwera funso la mitu ya mabanja. Ndinayankha monga nkhaniyo inenera. Ndinatchula ziwerengero zimene ndikudziwa kuti muli mbuzi zanga zopeka ndi amalume ofufutidwa. Ndinapeza malikisi abwino zedi, abwino kuposa onse amene ndapezapo pano. Anzanga makumi anai analemba zomwezo, ndipo mawa ena a iwo adzakhala m'maofesi ogawa chimanga, kufunafuna mutu wa banja m'bokosi lolakwika.

Bwanji sindinanene msanga? Musadzipusitse, abale. Amene analemba nkhaniyo ndi yemweyo adzachonge ntchito yanga yomaliza, ndi yemweyonso adzandilembere kalata yofunsira ntchito. Mu 2011, pa yunivesite ya Tilburg ku Netherlands, pulofesa Diederik Stapel anagwidwa kuti kwa zaka zambiri ankapeka yekha ziwerengero za kafukufuku wake, ndipo nkhani zake zoposa 50 zinachotsedwa m'magazini a akatswiri. Amene anamuulula anali ofufuza achinyamata atatu a m'dipatimenti yake yomwe. Iwo anapeza khomo logogoda, ndipo linatsegulidwa. Aphunzitsi athu olemekezeka, lathu liri kuti? Tisonyezeni munthu amene wophunzira angamuuze zotere popanda kutaya digiri yake. Lipirani pa tsiku, musalipire pa fomu. Fomu iyambe yayesedwa pa anthu enieni isanasindikizidwe mazanamazana. Tchulani maina a oyenda m'midzi. Ndipo kafukufuku akatha, wina abwerere kumudzi, akakhale pabwalo, akanene m'chilankhulo cha eni ake zimene zapezeka, kuti akatsutsa atsutse.

Manambala a mafomu 11 aja ndinawalemba kumapeto kwa kope langa la chaka choyamba, sindinalitaye. Lolemba m'mawa ndikawapereka kwa mkulu wa dipatimenti, pamodzi ndi kalata yopempha kuti magazini ija idziwitsidwe za mafomuwo ndi za funso lachitatu lija. Achimwene anga awiri amene tinali limodzi pansi pa mango paja, maina anu sinditchula kwa wina aliyense. Koma ofesiyo imatsegulidwa 8 koloko.